Noah yanga ya 2011: injini ilibe mlandu, ndalama zikuthera kunsiku

Funso limene anthu amandifunsa akandiona ndikutsika mu Toyota Noah yanga ndi limodzi lomwelo, kodi galimoto imeneyi njolimba kapena yangokula thupi chabe? Yankho lalifupi ndi lakuti pamwamba ponse, kuyambira injini, magetsi, mipando mpaka zitseko, Noah njolimba kwabasi. Koma kunsi kwake, kuja kumene kumakumana ndi misewu yathu ya kuno ku Dedza, mukhala mukugula zinthu. Sikuti ndi zodula kwambiri ayi, koma mukhala mukugula ndithu, ndipo munthu akakuuzani kuti Noah yake sanaigwirepo kunsi ndiye kuti imangoyenda pakati pa Area 47 ndi Capital Hill basi, kapena akukunamizani kuti akugulitseni.

Yanga ndi ya 2011, ija amakaniko amati ZRR70, yokoka ndi matayala akutsogolo, mipando 8. Kwa amene simuzitsata kwenikweni, Noah zilipo magulu angapo. Tikasiya TownAce Noah zakalekale zija, pali za 2001 mpaka 2007 zimene zili ndi injini ya 1AZ ya D-4, imene amakaniko ambiri kuno amati akangoimva dzina amayamba apuma kaye, chifukwa imafuna petulo waukhondo ndipo imaunjika mwaye mkati ikakalamba. Kenako pali za 2007 mpaka 2014, gulu la yangayi, injini yake ndi 3ZR ya 1,986cc. Zimene zinatuluka kuyambira 2014 zija nkhope yake njina ndipo zina ndi za hybrid, koma mtengo wake pano ndi wa anthu ena osati ife. Voxy ndi Noah ndi ana a mimba imodzi, anangosiyanitsa nkhope ndi magetsi akumbuyo kuti achinyamata aziona ngati akwera china chake, ndiye a Voxy zonse ndikunenazi zikukukhudzani.

Injini ndiyambire pomwepo chifukwa mpamene ndilibe dandaulo. Dedza boma ili pamtunda, mamita cha m'ma 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July mukudziwa nokha mmene kumachera, chifunga mpaka phiri osaoneka, madzi a m'ndowa kuluma zala. Galimoto zambiri za kuno m'mawa ngati umenewo zimafuna kuzinyengerera, zina mpaka kuitana ana a neba kuti akankhe. Noah ukangotembenuza kiyi yalira, kamodzi, ikwera kaphokoso pang'ono kwa kamphindi kenako ikhala pansi phee. Utsi palibe. Oyilo ndikayang'ana pa kandodo kaja pakati pa sevisi ndi sevisi amatsika pang'ono chabe, osafika pakuti ndiziyenda ndi botolo m'buti monga amachitira anzathu ena. Injiniyi ili ndi tcheni osati lamba, ndiye nkhani yomawerengera makilomita kuti lamba wa taimingi adzaduka liti palibe, bola oyilo muzisintha nthawi yake. Ine ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, oyilo wa 5W-30, ngakhale ena amati mutha kupitirira. Fumbi lathu ndi lambiri, ndipo za 2010 kupita mtsogolo zili ndi kachipangizo ka Valvematic pamwamba pa injini kamene sikagwirizana ndi oyilo wakuda wotha ntchito. Kameneko kakafa galimoto imafooka, nyali ya injini imayaka pa dashibodi, ndipo si kanthu koti mungakapeze pa shopu iliyonse ya pa boma pano. Kanga sikanavutepo, koma ndimakaopa, nchifukwa chake pa oyilo sinditsutsana ndi munthu.

Mphamvu zilipo zokwanira banja, osati zothamangitsana ndi ma Hilux pa M1. Pa pepala ndi mahatchi 158, koma thupi lake ndi lolemera, ndiye mukadzadza anthu nkumakwera chitunda cha pa Bembeke imalira kwambiri kuposa mmene ikuyendera. Alendo amene sanazolowere amafunsa kuti kodi kalatchi yatha? Ayi, ndi mmene giyabokosi ya CVT imachitira, injini imakwera mawu nkukhala pomwepo uku liwiro likubwera pang'onopang'ono. Kupitirira thiraki pamafunika kuwerengera bwino, makamaka pakati pa Linthipe ndi Chimbiya pamene mathiraki ochokera ku boda amandondozana atatu anayi.

Chimene ndasinthapo pa injini ndi wotapampu basi, inayamba kulira kaphokoso kachilendo nkumasiya timadontho tofiirira touma m'mbali mwake. Kwa galimoto ya zaka zoposa khumi zimenezo ndi ukalamba, ndipo ntchito yake inatha tsiku lomwelo. Mapulagi ndi a iridium, amakhalitsa, osalola munthu akuikireni otchipa aja chifukwa mumva kusiyana pa mafuta.

Tsopano giyabokosi, apa ndikhalitsapo chifukwa Noah zambiri zimene mumaziona zitakhala pa miyala kuseri kwa magalaja zinaphedwa ndi zinthu ziwiri, oyilo wolakwika ndi katundu. CVT ilibe magiya a mano ngati otomatiki wamba, mkati mwake muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mapule awiri, ndipo lambayo amagwira chifukwa cha oyilo wake weniweniyo. Oyilo wake ndi wa CVT, yangayi imafuna uja wolembedwa TC. Koma kuno anthu ambiri oyilo aliyense wofiira amangoti ndi wa giyabokosi. Tsiku lina pa galaja ina mnyamata wothandizira anali atatsegula kale botolo la ATF, oyilo wa otomatiki wamba, kuti awonjezere, mwamwayi ndinali chiimire pomwepo. Ndinati "achimwene, tadikirani kaye, mukuthira chiyani?" Iye akuti "bwana ndi yomweyo iyi, timathira mu Noah zonse." Eya, nchifukwa chake Noah zonsezo zikufa. Kuyambira pamenepo oyilo wa giyabokosi ndimagula ndekha ku Lilongwe, botolo lomata, ndipo pothira ndimakhalapo. Akathira wolakwika galimoto siifa tsiku lomwelo ayi, imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako kumalira ngati ikutsetsereka, pakatha miyezi ingapo basi mwayamba kufunsa mtengo wa giyabokosi ya kaunjika, ndipo mtengo umenewo mukaumva mutu uwawa.

Nkhani ya katundu ndiye njovuta chifukwa imakhudza abale. Mukagula Noah kumudzi konse amadziwa kuti kwabwera minibasi ya banja. Maliro ku Mayani, Noah. Chinkhoswe ku Lizulu, Noah. Wodwala usiku wopita naye ku chipatala cha boma, Noah, ndipo pamenepo sungakane. Vuto limabwera pobwerera, pamene aliyense watenga kathumba kake. Apongozi anga tsiku lina pochokera kumudzi anaimitsa galimoto pa msika nkuyamba kutsatsa kachewere, matumba aja osokerera pamwamba mpaka kutalika kuposa mwana wa sitandade 5. Mkati tinalimo kale anthu odzadza. Ndinati "amayi, limodzi lokha, enawo ndidzabwera kudzatenga padera." Iwo akuti "galimoto yonseyi bambo, malo ali mbwee kumbuyoku." Malo analipodi, ndipo vuto la Noah ndi limeneli, malo ndi ambiri kuposa mphamvu ya miyendo yake. Mipando yakumbuyo ija imapindikira m'mbali mosavuta, dzanja limodzi, ndiye pamatsala chibwalo choti ukhoza kulowetsa njinga osachotsa tayala, ndipo aliyense akaona chibwalocho amaganiza za matumba a chimanga kapena simenti. Koma kumbuyo kwake kuli masipuling'i ofewa opangira anthu okhala pansi, osati mapulanga achitsulo a pikapu. Mukadzadza imakhala pansi, matayala amatsala pang'ono kukhudza thupi, ndipo lamba wa mu CVT uja ndi amene amalipira pa chitunda chilichonse. Ndinakana, anakhumudwa mpaka pa Kalinyeke osandiyankhula, koma matumba aja anabwera pa lole mawa lake bwinobwino.

Kutsika Khwekhwelere popita ku Golomoti ndi mayeso ena. Msewu uja kuchokera pa Masasa umatsika mokhotakhota kuchoka pamtunda pathu pano kupita kuchigwa cha kunyanja, ndipo nyanjayo ili pa mamita osafika 500, ndiye onani nokha kutsika kwake. Mukasiya giya pa D nkumangoponda buleki njira yonse, musanafike pansi mumva fungo la mapadi akupsa ndipo buleki imayamba kulowa mkati. Yanga ili ndi mbali ya M pa giya, ndimaikankhira kumeneko nkutsitsa pa 2 kapena 3 kuti injini izigwira yokha, buleki nkumangothandizira pa makona. Ikatero imatsika mwaulemu. Pobwerera pokwera ndimazimitsa eyakoni, osathamanga, ndipo siinatenthepo. Koma madisiki akutsogolo ndinawapala chifukwa chiwongolero chinayamba kunjenjemera ndikaponda buleki, ndipo mapadi amatha msanga kuposa a galimoto yaing'ono, thupi lake ndi lolemera paja.

Ndiye tifike kunsi kuja. Galimoto imeneyi anaipangira misewu ya ku Japan yosalala, ndipo njotsika, kuchoka pansi kufika pamimba ndi masentimita 16 kapena kuposera pang'ono, musanakweze munthu. Bampala yakutsogolo njaitali komanso yotsika, makamaka zija za mtundu wa Si zokhala ndi masiketi m'mbali, zokongola pa tauni koma pa msewu wa ku Lobi nthawi ya dzinja mukazisiya m'matope. Yanga ndi wamba yopanda masiketi koma kapulasitiki kotchinga kunsi kwa injini kanathothoka kalekale, panopa ndinaikitsa chitsulo chopyapyala kwa owotcherera kuti mwala usaboole sampu. Ndikukulangizani muchite chimodzimodzi sabata yoyamba yomwe, ndi ndalama yochepa. Mahampu ena a m'matireding'i senta amene anthu amangoumba okha aja, ngakhale uwoloke chopingasa pang'onopang'ono umamvabe khwee pamimba, mtima nkuwawa.

Zoyamba kulira ndi timalinki ta sitabilaiza. Mukamva gudugudu kutsogolo pa msewu wa fumbi wa mabampu ang'onoang'ono koma pa tala nkukhala chete, nthawi zambiri ndi timeneto, ndipo ndi totchipa. Kenako mabushi a mikono yakutsogolo, kenako mabolojointi ndi marekiendi, kenako mashoko. Zimabwera motsatizana choncho, ukamaliza ichi china chayamba. Makaniko amene amandigwirira ndi bambo wachikulire, sathamanga, amaikweza pa jeke nkugwira tayala dzanja lina pamwamba lina pansi, kuligwedeza uku khutu ali nalo pafupi, kenako amalowetsa chitsulo chachitali pakati pa mkono ndi thupi nkukanikiza. Anandiitana kuti ndigwade ndione ndekha. Bushi yaikulu yakumbuyo kwa mkono ija inali itang'ambika kuzungulira konse, labala yangotsala kachidutswa, ukakanikiza mkono wonse ukusuntha pafupifupi chala chathunthu. Akuti "mwaona bwana, apa ndiye pamene matayala anu akudyekera mkati, mukanapita ku alaimenti mukanangotaya ndalama." Anali kunena zoona, tayala lakumanzere linali litadyeka mbali imodzi mpaka mawaya kuyamba kuoneka pamene kunja kwake likuoneka latsopano.

Apa mpamene pali msampha wa masipeya. Mabushi ndi malinki a Noah amapezeka paliponse, ku Lilongwe mashopu ali mbwee ndipo ena ngakhale pa boma pano, nchimodzi mwa zifukwa zimene ndimaikondera galimotoyi. Koma ali m'magulu, ndipo bokosi lokongola silitanthauza kanthu. Ndinagulapo mabushi pa shopu ina, bokosi lolembedwa bwinobwino, wogulitsa kulumbira kuti ndi orijino, dzinja limodzi silinathe anali ataphwanyika. Amene anabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan anali atakhala zaka zoposa khumi. Panopa ndimagula mkono wonse wa kaunjika wochotsedwa pa galimoto ya ku Japan, kapena ndimalipira zambiri kwa wogulitsa amene amavomera kuti chikafa msanga ndibweze. Mashoko nawo chimodzimodzi, pali ena amangowapaka penti yakuda nkuwapukuta kuti azioneka atsopano. Akanikizeni ndi dzanja musanalipire, akalowa mosavuta osabwerera asiyeni pomwepo. Mitengo sindilemba chifukwa chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa sipeya umasintha ukadali pa mzere, ndipo ogulitsa amawerengera dola ya pamsika wakuda osati ya ku banki.

Ena amaikweza poika timapulasitiki tolimba kapena zitsulo pamwamba pa masipuling'i. Ine ndinakweza pang'ono chabe, ndipo zinathandiza pa mahampu. Koma ndaonapo ena atakweza mopitirira mpaka galimoto kumaoneka ngati ikufuna kudumpha mpanda, zotsatira zake ma CV jointi, aja opititsa mphamvu ku matayala, amagwira ntchito atapendekeka nkumang'amba mabuti awo, komanso galimoto yaitali kale ngati imeneyi, pafupifupi mamita 1.85, pa kona imayamba kuyendera mbali. Mphepo ya pa Lizulu kapena pa Tsangano thenofu mu July imaikankha ndithu ukamathamanga, umachita kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

Matayala, saizi yake ndi 195/65R15, yopezeka paliponse ndipo yosadula ngati ya ma Prado. Chenjezo limodzi kwa oitanitsa kuchokera ku Japan, zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, ofewa, okhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono. Amaoneka atsopano, mano ali onse, koma pa tala wotentha wa October amatha ngati sopo ndipo pa mvula buleki yake siigwira bwino. Achotseni musanayambe maulendo ataliatali. Tayala lake la sipeya ndi kaja kowonda kongokufikitsani pokonzera, ine ndinagula limu ndi tayala lathunthu, paulendo wakumudzi limakhala m'buti ngakhale limadya malo.

Thupi lenilenilo ndi mkati ndiye ndimawapatsa ulemu amene anaipanga. Zitseko zotsetsereka zija ndinkaganiza kuti ndi zimene ziyambe kufa, poona fumbi la kuno ndi ana amene amazikoka ngati akukangana nazo. Chakumanzere ndi chamagetsi, chakumanja ndi chamanja. Mpaka pano zonse zikugwira. Chamagetsicho nthawi ya fumbi chimayamba ulesi, chimafika pakati nkulira piii nkubwerera, koma ukapukuta njanji zake zitatu ndi kansanza nkupaka girisi pang'ono pa timawilo chimayambiranso bwino. Chofunika nkuwauza okwera kuti asachikankhe ndi mphamvu chikamadzitseka chokha, chifukwa chingwe cha mkati chikaduka ndi ntchito ina. Azakhali ena ngakhale uwauze kangati amachimenyabe ndi phewa, ndiye ndikanyamula anthu ambiri ndimangozimitsa magetsi ake pa batani la kutsogolo chizigwira ngati chamanja.

Mipando ndi ya nsalu yokhuthala, yaona phala, sobo, matope a ku dimba, nkhuku yamoyo imene inamasuka m'jumbo, koma palibe pamene pang'ambika, ukachapa ndi burashi imabwerera. Siponji ya mpando wa dalaivala yokha ndi imene yayamba kukhala pansi mbali yotsikira. Mapulasitiki a mkati ndi olimba, osati okongola, amakandika msanga makamaka kumbuyo kumene kumakhudzana ndi katundu, koma sasweka ndipo dashibodi siinang'ambike ndi dzuwa. Timaphokoso tilipo, ndisaname. Mipando yakumbuyo ikapindidwira m'mbali pa msewu wa fumbi imalira tcheketcheke njira yonse, ndipo chitseko chachikulu chakumbuyo chimalowetsa fumbi pang'ono m'munsi labala ikakalamba, ukafika ku Kasumbu masutikesi ali ofiira. Chitseko chimenechonso ndi chachitali, chimafuna malo potsegula, ukaimika pafupi ndi khoma sutsegula. Dzimbiri palibe, kuno kulibe mchere. Magalasi a nyali zakutsogolo ndi amene achita chikasu, ndipo usiku pa M1 pamene njinga za kabaza zilibe nyali ndi nkhani yoopsa, ndimawapukutitsa koma pakapita miyezi amabwereranso.

Pansi pake mkati ndi pafulati, ukhoza kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo osatsika chifukwa giya ili pa dashibodi ndipo handibuleki ndi yoponda ndi phazi. Agogo okalamba amakwera mosavuta, sitepe njotsika, apa kutsika kuja kumakhala ubwino. Mzere wachitatu akuluakulu awiri amakhala bwino mpaka ku Blantyre, atatu ayamba kudandaula musanafike pa Chingeni. Ndi galimoto yopapatiza, siifika mamita 1.7 m'lifupi chifukwa cha malamulo a magulu a galimoto ku Japan, ndiye kutalika ndi kumene kumanamiza anthu kuti ndi yaikulu kwambiri. Eyakoni imazizira mpaka kumbuyo, ili ndi potulukira mphepo pa denga, ku Dedza sitiifuna kwenikweni koma tsikirani ku Mtakataka mu November muiyamika. Hita yake ndiye timaigwiritsa ntchito, m'mawa wa June popita ndi ana ku sukulu magalasi akachita nthunzi.

Wailesi inabwera nayo ndi ya ku Japan, zolemba zonse m'Chijapani, kamayi kena kamayankhula ukangoliza galimoto, ndipo imathera pa 90 FM ndiye masiteshoni ambiri a kuno sagwira. Ena amaika kachipangizo kowonjezera, ine ndinangoichotsa nkuika ina. Samalani ndi amene akukuikirani, asadule mawaya mwachisawawa, mavuto ambiri a magetsi amene anthu amanamizira galimotozi amayambira pa wailesi ndi ma alamu oikidwa mothamanga. Pa magetsi ake enieni sindinaonepo vuto, mawindo onse akukwera, ndasintha batire ndi mababu basi.

Mafuta. Apa musanamizidwe ndi manambala a ku Japan. Pa M1 ndikamayenda mwaulemu, 80 mpaka 90, ndimapeza makilomita 11 kapena kuposera pang'ono pa lita. Ndikadzadza anthu ndi zitunda zathuzi imatsikira cha m'ma 9, m'tauni ya Lilongwe pa mzere wa magalimoto ndi eyakoni ndiye 8 ngakhale kutsikirapo. Thanki ndi ya malita 60, ndiye kuchoka pa boma kupita ku Lilongwe, makilomita cha m'ma 85, nkubwerako, muyenera kukonzekera malita osachepera 16 komanso ndalama ya pa tolo geti. Si yakumwa ngati Alphard koma si Sienta. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, pamene timagona pa mizere, thanki yaikulu inkathandiza ukapeza mwayi wodzadza. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa ndipo injiniyi imamwa popanda vuto. Amene ndimamuopa ndi wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, poti kuno tili pa malire ndi Mozambique amapezeka nthawi zonse. Wina amakhala bwinobwino, wina muli madzi kapena parafini, ndipo sefa ya mafuta ya galimotoyi ili mkati mwa thanki pamodzi ndi pampu, si yongomasula panja nkupopera ndi pakamwa ngati ya ma pikapu akale. Zikavuta kwambiri ndimathira wochepa wongondifikitsa, kudzera pa kansalu.

Poyerekeza ndi zinzake, Sienta imamwa pang'ono ndipo nchifukwa chake a mataxi aithera, koma mzere wake wachitatu ndi wa ana, banja la anthu akuluakulu simukwana. Wish njabwino pa tala koma denga ndi lotsika ndipo zitseko zake ndi wamba. Alphard ndi yabwino kukhalamo kuposa Noah kutalitali, ya mabwana, koma mafuta ndi kulemera kwake pa misewu yathu mukhala mukulira. Serena ndi Stepwgn mkati ndi zabwino, mwinanso kuposa Noah pa zina, ndipo pogula zimatchipirapo, koma funsani kaye pa shopu za masipeya za pa boma pano kapena pa Ntcheu kuti ali ndi chiyani cha galimoto zimenezo. Noah ikakufera pa Kampepuza Lamlungu madzulo, mwayi woti upeza makaniko woidziwa ndi sipeya yake ndi waukulu, ndipo kwa ine kulimba kwa galimoto kumayambira pamenepo. Pogulitsanso siivuta, anthu amaifuna.

Za 4WD, zokoka ndi matayala onse anayi, zilipo, ZRR75. Zimathandiza pa matope oterera koma sizikweza mimba, ndiye pamene yanga yakhala pamimba nayonso ikhala pomwepo, kungoti imwa mafuta ambiri ndipo ili ndi zinthu zambiri kunsi zoti zife. Komanso zambiri za 4WD zimachokera kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndiye suzumirani kunsi muone dzimbiri. Ngati kwanu ndi koti dzinja lililonse mathirakitala okha ndi amene amadutsa, musavutike ndi Noah ya mtundu uliwonse, sungani ndalama mugule pikapu.

Amene mukufuna kugula ya pano pa Malawi, makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire, amabwezedwa. Yang'anani chiwongolero, labala ya pa buleki ndi mpando wa dalaivala, zimenezo sizinama. Pitani m'mawa galimoto isanalizidwe, muilize nokha ili yozizira, mumvetsere ngati tcheni ikuchita phokoso masekondi oyamba. Onetsetsani kuti nyali ya injini ikuyaka mukatembenuza kiyi nkuzima ikalira, chifukwa ena amachotsa babu kapena kumata tepi kuseri. Muiyendetse mpaka itenthe, muime pa chitunda, munyamuke pang'onopang'ono, ikanjenjemera kapena kuchedwa kugwira mukaika pa D kapena R, musamve zoti ndi oyilo chabe bwana. Funsani kuti mu giyabokosi anathira oyilo wanji, mwini wake akayamba kukanda mutu mwadziwa kale. Ndipo yang'anani ngati inagwirapo ntchito ya taxi kapena yonyamula anthu pa msewu wa Dedza ndi Lilongwe, zimaoneka pa njanji za zitseko, pa masitepe odyeka ndi masipuling'i akumbuyo okhala pansi ngakhale mulibe munthu. Yotero ngakhale itsike mtengo bwanji isiyeni. Kunsi kukamalira gudugudu koma injini ndi giyabokosi zili bwino, imeneyo gulani, mungomuuza mwini wake achotsepo ya mikono iwiri, malinki ndi mashoko akutsogolo pa mtengowo.